Kudzutsa ka Vitz RS kogona pamiyala: yambani ndi mabuleki, phokoso lidikire

Ka Vitz RS kanga ndinakapeza kuseri kwa nyumba ina cha ku Bembeke, kali pamiyala, matayala awiri ataphwa, nkhuku itasandutsa mpando wakumbuyo poikira mazira. Mwini wake anati kanangozima tsiku lina akuchokera kumsika wa Lizulu, ndipo kuyambira pamenepo sikanalirenso. Tsiku lomwe tinakakokera pakhomo, mayi a kunyumba anakazungulira kamodzi n'kufunsa kuti, "Abambo, chimenechi mwagulira ife kapena nkhuku?" Sindinayankhe. Panapita chaka ndi miyezi iwiri, ndikugwira Loweruka lokhalokha, kuti kagalimotoko katsike Khwekhwerere mpaka pa Golomoti n'kukweranso popanda kutsokomola.

Ndondomeko ndikulembayi ndi yomwe ndikanatsata ndikanati ndiyambirenso, chifukwa yomwe ndinatsata ine inali yokhotakhota ndipo inandidyera ndalama. Anyamata ambiri akapeza kagalimoto kotere amathamangira ekizozi yaphokoso, marimu aakulu, ndi kukatsitsa kuti kazikwawa ngati buluzi. Zimenezo zimakoma pa YouTube, pamisewu ya ku Japan. Kuno kwathu kagalimoto kamathamanga ngati kali bwino m'thupi, kakugwira msewu, ndipo kakuima pomwe mwakauza. Choncho muyambe ndi kukachiza. Zodzoladzola zibwere kumapeto.

Musanatulutse ndalama

Vitz RS ndikunenayi ndi ya m'badwo wachiwiri, yomwe Toyota inapanga kuyambira 2005 mpaka 2010. Injini yake ndi 1NZ-FE ya 1,496 cc, ya horsepower 110, ndipo galimoto yonse imalemera tani imodzi ndi pang'ono. Ku Japan timagalimototi tinali ndi mpikisano wathuwathu wa liwiro wotchedwa Netz Cup. Koma chomwe chinandikopa ine si mbiriyo ayi. Injini yomweyi ndi yomwe ili m'ma Sienta ambiri onyamula anthu pa M1, m'ma Probox, Fielder, Axio ndi Ractis. Sipeya yake simuchita kuyitanitsa kunja. Mukwera ya ku Lilongwe m'mawa, makilomita 85 okha kuchokera kuno ku Dedza, mulowa ku Biwi, dzuwa likamapendeka mwabwerako.

Chizindikiro cha RS chimagulitsidwa m'mashopu, aliyense akhoza kumata. Inu werengani kachitsulo ka manambala a galimoto, palembedwe NCP91 ndi 1NZ-FE. Kenako suzumirani m'gudumu lakumbuyo: RS ya 1.5 ili ndi madisiki kumbuyo, osati madiramu. Ngati n'kotheka sankhani ya magiya asanu osintha pamanja. Ya CVT, yosintha yokha magiya, ndi yabwino popita kuntchito, koma ikadwala sichizidwa pansi pa mtengo.

Mapepala ndi nkhani yaifupi. Nambala ya chassis ya pagalimoto ifanane ndi ya mu blue book, wogulitsayo akhale mwini wake weniweni, ndipo msonkho wa MRA ukhale kuti unalipidwa. Tili pachipata cha dziko pano, galimoto zolowa m'njira zachidule zilipo. Musamange bawuti ngakhale imodzi musanasinthe umwini ku Road Traffic.

Thupi lakenso lioneni ndi maso okayikira, paja chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Tulutsani tayala la sipeya muone pansi pa buti, kwezani makapeti, gonani pansi ndi tochi. Galimoto zochokera kumadera ozizira a ku Japan, komwe amathira mchere pamsewu nthawi ya chipale, zimabwera ndi dzimbiri kunsi ngakhale penti ikuwala. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi bulashi. Koma chitsulo chomwe chanyamula mashoko chikabooka ndi sikuludiraiva, tsanzikani muzipita. Tsegulani chivindikiro cha oyilo: mukapeza zoyera ngati tiyi wothira mkaka, madzi akulowa m'oyilo ndipo gasiketi ya hedi ikukudikirani. Pomaliza ikani sipanala pa bawuti ya pule yaikulu ya kunsi kwa injini n'kuizunguza. Ikazungulira, injini sinaume. Ikakana, mtengo utsike kwambiri.

Malo ndi zida

Mufunika pamalo posalala, polimba, pamthunzi. Miyala ndi njerwa zichoke tsiku loyamba lomwe. Njerwa imasweka osachenjeza, ndipo jeke ntchito yake n'kukweza galimoto, osati kuigwira munthu ali kunsi. Gulani ma jack stand anayi, miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto. Tayala lomwe mwachotsa muziligoneka kunsi kwa galimoto cham'mbali, kuti zikavuta galimoto igwere tayala, isagwere chifuwa chanu.

Toyota ndi wachifundo pa masipanala. Ndi 10, 12, 14, 17 ndi 19 mumasula pafupifupi chilichonse, 21 ndi ya manati a magudumu, 16 yaitali ndi ya mapulagi. Ya 10 gulani ziwiri, imasowa ngati ili ndi miyendo. Onjezerani torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti), multimeter (yoyezera magetsi) ndi kamakina kowerengera zolakwa za mu kompyuta ya galimoto kolumikiza pa OBD2. Kamakinako kayeseni pagalimoto musanalipire, chifukwa tina totchipa timakana kulankhula ndi galimoto zopangidwira msika wa ku Japan.

Chinthu chilichonse chijambuleni pafoni musanachimasule. Mabawuti a malo amodzi alowe m'kajumbo kamodzi, mulembepo. Loweruka lino mukukumbukira zonse, koma pakatha masabata atatu, maliro awiri ndi chinkhoswe chimodzi, mudzangoyang'ana mulu wa zitsulo.

Kudzutsa injini

Chilakolako choyamba chimakhala kubwereka batire n'kupotokola kiyi. Dikirani kaye.

Yambani ndi thanki. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo takhala tikutero kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Galimoto ikamayenda tsiku ndi tsiku palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyontho, ndiye petulo akagona m'thanki chaka chathunthu amasanduka zinthu zonunkha ngati vanishi, madzi atakhazikika pansi. Chotsani waya wa negative pa batire, kwezani mpando wakumbuyo, mupeza chivindikiro chofikira pampu ya mafuta. Tulutsani pampuyo, khuthulani petulo yense wakale, pukutani mkati mwa thanki. Chitani zimenezi panja. Mbaula, fodya ndi ana zikhale kutali. Kanga matenda ake onse anali pomwepa: sefa ya pampu inali itatsekeka ndi matope a petulo wa m'zigubu, pampu n'kupsa. Galimoto inagona zaka ziwiri chifukwa cha chinthu cholowa m'thumba la jekete.

Kenako tsatani mawaya onse a mu boneti ndi maso ndi zala. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe imakhala nyumba ya makoswe, ndipo amakonda kutafuna mawaya a ma injector ndi ma coil. Poduka pawotchereni ndi mtovu wolumikizira mawaya (solder) n'kuvekapo kachubu, osangopota ndi kukulunga tepi. Tsegulaninso bokosi la fyuluta ya mpweya. Ine ndinapezamo chimanga chodzaza mbale.

Khuthulani oyilo wakale, ikani fyuluta yatsopano, thirani 5W-30 pafupifupi malita 3.7, muone pa dipstick. Tulutsani mapulagi onse anayi, donthezani timadontho ta oyilo m'silinda iliyonse, zunguzani injini pamanja kangapo. Tsopano ikani batire labwino, lowerenga mavoti 12.6 galimoto isanalire. Chotsani fyuzi ya EFI kuti mafuta asapite, muzunguze injini ndi sitata kwa masekondi 10, kupumula, kubwerezanso, mpaka kanyali ka oyilo kazime. Apa mwatumiza oyilo m'njira zonse zomwe zinauma.

Mapulagi akadali kunja, yezani compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Chofunika kwambiri n'chakuti manambala a masilinda anayiwo asatalikirane kupitirira 10 peresenti. Musadabwe akakhala otsikirapo poyerekeza ndi a m'buku, chifukwa mpweya wa ku Dedza ndi wopepuka. Silinda imodzi ikatsalira kwambiri, thiranimo supuni ya oyilo muyezenso. Nambala ikakwera, ndi maring'i. Ikapanda kusintha, ndi mavavu kapena gasiketi.

Pogula mapulagi nyamulani yakale ndi nambala ya chassis. Ma 1NZ-FE si onse ofanana, Toyota anaisinthapo injiniyi pakati pa ulendo, ndipo ina imafuna mapulagi a mazinga aatali. Wogulitsa akati, "Akulu, zonse ndi Vitz, ikwana basi," inu ikani ziwirizo pamodzi muziyerekeze nokha. Lamulo limeneli ndi la sipeya iliyonse.

Bwezerani zonse, thirani petulo watsopano, lizani. Utsi pang'ono poyamba ndi oyilo uja munadontheza. Yezani pa batire injini ikulira: mavoti apakati pa 13.5 ndi 14.5 ndiye kuti alternator ili moyo. Ikamanjenjemera, funsani kamakina kaja. P0301 mpaka P0304 ndi silinda yomwe sikuwotcha bwino, nambala yomaliza ndiyo silindayo. Musathamangire kugula: sinthanitsani coil yake ndi ya silinda ina, muone ngati vuto lasamuka nayo. P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, ndipo kawirikawiri ndi MAF sensor (kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini) yakuda ndi fumbi kapena payipi yong'ambika. Sensor imeneyi itsukeni ndi sipuleyi yakeyake, timawaya take musatikhudze ndi chala kapena nsalu.

Injiniyi imayendera tcheni, osati lamba, choncho nkhawa ya timing belt palibe. Phokoso la "tcherere" losatha injini itatentha ndilo lofunika kulitsata.

Madzi

Pali chizolowezi chochotsa thermostat, kavavu kotsekera madzi kuti asapite ku redieta injini isanatenthe, amati dziko lathu ndi lotentha. Amene amanena zimenezo sanagonepo ku Dedza mu June. Thermostat imatseguka injini ikafika cha m'ma digiri 82. Mukaichotsa, injini imachedwa kutentha, kompyuta imangothira mafuta ochuluka poganiza kuti kukadali m'mawa, ndipo mapisitoni amadyeka msanga. Ngati inachotsedwa, ibwezereni.

Tsukani redieta, sinthani mapayipi ofewa kapena otupa, thirani coolant weniweni. Madzi a pamjigo amasiya miyala m'timabowo ta redieta ngati momwe amachitira m'ketulo. Yang'anani mozungulira pampu ya madzi: zouma zapinki kapena zoyera ndiye kuti yayamba kuchucha, isintheni pamodzi ndi lamba wake. Onetsetsani kuti fani ikudzuka yokha injini ikatentha. Ma Vitz ambiri alibe singano yoonetsa kutentha, ali ndi kanyali chabe, ndipo kofiira kakayaka nthawi yotsutsana yatha, imani pomwepo.

Mabuleki

Apa ndiye pofunika mtima wonse. Aliyense wodziwa msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti akudziwa chifukwa chake. Makona amatsatana, mtsetse sukutha, ndipo kumbali kuli phompho. Buleki yomwe imagwira bwinobwino pa boma ikhoza kukusiyani pakona yachisanu ndi chiwiri.

Chimachitika n'chiyani? Mafuta a mabuleki amamwa chinyontho chaka ndi chaka. Mafuta a mtundu wa DOT 4, ali atsopano, sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa 155. DOT 3 ndi 205 ali watsopano, 140 atakalamba. Pamtsetse wautali madisiki amatentha, kutenthako kumafika ku mafuta, mafuta akawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Mukaponda, phazi limangopita mpaka pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa. Ndiye mafuta onse akale atuluke, mulowe DOT 4 wa m'botolo lomwe mwatsegula nokha, ndipo muzibwereza zaka ziwiri zilizonse.

Koma musanafike pa mafuta, masulani gudumu lililonse. Mapadi otsala mamilimita atatu apite. Disiki iliyonse ili ndi nambala yodindidwa m'mphepete yonena kupyapyala komwe siyenera kupitirira, iyezeni. Ya mizere yakuya kapena yochititsa chiwongolero kunjenjemera poponda buleki isinthidwe, ziwiri nthawi imodzi. Kenako tulutsani timapini tiwiri tomwe caliper, chitsulo chopanikiza mapadi pa disiki, imatsetserekapo. Pagalimoto yogona timakhala titauma ndi dzimbiri, padi imodzi imadyeka inzake ili yatsopano, ndipo galimoto imakokera mbali. Titsukeni, tipakeni girizi wa mabuleki. Girizi wamba amatupitsa timarabala. Pisitoni ya caliper yokana kubwerera ikufuna masilu atsopano. Pindani mapayipi a rabala muone ngati ali ndi ming'alu.

Mapadi gulani a kampani yodziwika, Akebono, Advics kapena a Toyota enieni. Pa galimoto yonse, apa ndi pa matayala ndi pomwe sindinenerera mtengo.

Kutulutsa mpweya kumafuna anthu awiri. Ine anandithandiza mwana wa mlongo wanga wa Fomu 2, yemwe malipiro ake anali tchipisi cha pa chiwaya. Yambani ndi gudumu lakutali ndi chiwongolero, lakumbuyo kumanzere, kenako lakumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanzere, kumalizira lakutsogolo kumanja. Vekani kachubu koonekera mkati pa nipo, mbali inayo ilowe m'botolo. Mumakuwa kuti, "Ponda katatu, gwira!" Iye amati, "Ndagwira, malume!" Mumamasula nipo pang'ono, mafuta amatuluka, mumamanga, ndiye n'kumuuza kuti asiye. Akasiya musanamange, mpweya wabwerera. Pitirizani mpaka mutuluke mafuta oyera opanda thovu. Kabotolo ka mu boneti kasaume ngakhale kamodzi, chifukwa mpweya ukalowa mu ABS mwadzipangira ntchito ina.

Mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi disiki. Pezani msewu wopanda anthu, fikani pa liwiro la 60, pondani mwamphamvu mpaka pa 10 koma osaima, bwerezani kasanu ndi katatu, kenako yendani pang'onopang'ono kuti zizizire. Ndipo ngakhale zonse zili zatsopano, Khwekhwerere amatsika ndi giya yachiwiri kapena yachitatu, injini izigwira galimoto, phazi lizingothandizira.

Miyendo ya galimoto, ndi kulakwa kwanga

Galimoto ili m'mwamba, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze. Likamasewera, ndi bering'i kapena ball joint. Ligwireni kumanja ndi kumanzere: likasewera, ndi tie rod end kapena rack end. Lowetsani chitsulo pa mabushi a control arm mukankhe, ong'ambika aonekera. Timalinki ta stabilizer ndi tomwe timalira "gudugudu" pamsewu wafumbi, ndipo n'totchipa. Rabala ya CV joint ikang'ambika isintheni sabata yomweyo, fumbi likalowamo mugula joint yonse. Shoko yonyowa mafuta yafa. Sinthani ziwiriziwiri, ndipo zatsopano za KYB zimaposa zakale zochotsa pagalimoto ina zomwe simukudziwa kuti zinayenda mtunda wanji. Mabawuti odutsa m'mabushi muwamalizitse kumanga galimoto itatsika, itaima pamatayala ake. Mukamangiratu ili lende, rabala imakhala yopotoka ndipo sitha chaka.

Sipuling'i ya kutsogolo imachotsedwa ndi spring compressor basi. Mawaya ndi zingwe zathyola anthu nsagwada.

Tsopano kulakwa kwanga. Nditamaliza zonsezi ndinagula masipuling'i otsitsa galimoto kwa mnyamata wina pa Facebook. Kanaoneka bwino, sindinama, mpaka ndinakajambula. Patangotha masabata awiri, pahampu ina ya pa M1, ndinamva "phwa!" kunsi. Sampu, chibekete cha oyilo cha kunsi kwa injini, inabonyoka, bampala inang'ambika, ekizozi inapindika. Kupita kumudzi ndinkachita kutsitsa anthu kuti ndidutse pamzere. RS imabwera kale ndi miyendo yolimbirapo kuposa Vitz wamba, ndipo yomwe inakonzedwa bwino imakhota mokoma popanda kuitsitsa. Ndinabwezera masipuling'i ake. Za kudula sipuling'i ndi girayinda ndiye musayerekeze n'komwe: mbali ziwiri sizifanana, shoko imagunda pansi, ndipo sipuling'i ikhoza kuchoka pampando wake mukudumpha dzenje.

M'malo motsitsa, pitani kwa wowotcherera akupangireni chitsulo choteteza kunsi kwa injini, cha mamilimita atatu, chomangira pamabawuti kuti chizichoka, chokhala ndi bowo lokhuthulira oyilo, ndipo chisakhudze injini. Sichioneka, palibe adzakuyamikireni, koma nthawi ya dzinja mudzachimva chikulandira miyala m'malo mwa sampu. Mukatha zonse, alignment.

Matayala

RS imeneyi inabwera ndi 195/50R16. Tiyeni tiwerengere limodzi. 195 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 50 ndi peresenti ya mulifupimo yomwe ndi msinkhu wa khoma la tayala. Ndiye khomalo ndi mamilimita 97.5, ndipo gudumu lonse ndi pafupifupi 601. Mukaika marimu a 17 ndi 205/40R17, khoma latsika kufika pa 82. Dzenje limodzi la pakati pa Linthipe ndi Chimbiya, tayala latupa chotupa, rimu yapindika. Koma mukatsikira pa 15 ndi 185/60R15, khoma ndi mamilimita 111 ndipo gudumu lonse ndi 603, pafupifupi chimodzimodzi ndi loyamba, kotero speedometer sinama. Gudumu limapepuka, matayala a saizi imeneyi amapezeka paliponse, ndipo galimoto imasiya kukugwedezani mano. Ine ndili pa 15 ndipo sindibwerera.

Rimu ikhale ya mabowo anayi a 4x100, bowo lapakati la mamilimita 54.1. Iyeseni kutsogolo musanalipire, muizunguze muone kuti sikukhula caliper.

Matayala a kaunjika ndikudziwa chifukwa chake timawagula, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati mwakakamizika, werengani manambala anayi a m'mbali mwa tayala. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi lisiyeni ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, rabala yake inauma ndipo pachifunga cha ku Bembeke, phula litanyowa, limatsetsereka ngati sopo. Samalaninso ndi matayala a chipale ochokera ku Japan, olembedwa studless, okhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono. Ndi ofewa, paphula lotentha amatha msanga ndipo sagwira bwino pamvula. Matayala anayi atsopano a mtundu umodzi amasintha kagalimoto kuposa china chilichonse chomwe mungagule.

Nanga mphamvu?

Choonadi chowawa ndi ichi. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ndiye horsepower 110 ya m'buku, pano ndi 93 kapena cha pamenepo. Mukatsikira ku Golomoti mumva kagalimoto kakudzuka, pokwera kakufookanso. Palibe sitika kapena kachipangizo kolumikiza pa batire komwe kangasinthe zimenezi.

Zomwe mungachite n'kubweza mphamvu yomwe inatayika ndi ukalamba. Mapulagi oyenera, MAF sensor yoyera, throttle body (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) yotsukidwa, ma injector otsukidwa, mabuleki osagwira okha, matayala a mpweya wokwanira monga palembedwera pa mphuthu ya chitseko. Throttle body ikakhala yamagetsi, yopanda kebulo, kachitseko kake musakakankhe mwankhanza. Sinthani oyilo wa giyabokosi, muike wa GL-4. Onani ma engine mounting, chifukwa oduka amachititsa galimoto kugwedezeka posintha giya. Kilatchi yeseni chonchi: pa giya yachinayi, liwiro lochepa, pondani mafuta mpaka pansi. Injini ikakwera mawu koma galimoto osathamanga, kilatchi yatha.

Fyuluta yotseguka ija yooneka ngati chipewa ndi yokongola pa chithunzi. Mu boneti imakoka mpweya wotentha wa injini, ndipo fumbi la mu September limaidutsa kukafika m'masilinda. Bokosi lomwe anaika a Toyota lisiyeni, muzingosintha pepala lake pafupipafupi.

Ekizozi ndiye nayi nthawi yake, poti ndikudziwa kuti mwakhala mukuidikira. Sinthani chigubu chakumapeto chokha, payipi isakule kupitirira mainchesi awiri. Payipi yaikulu pa injini ya 1.5 imakulandani mphamvu ya pansi, yomwe ndiyo mumakwerera mapiri. Catalytic converter, chigubu choyeretsa utsi, isachoke, ngakhale wina akuuzeni kuti aigula pamtengo wabwino. Mukaichotsa mupeza kanyali ka injini koyaka, fungo m'galimoto, ndi mphamvu yosaoneka kusintha. Sankhani mawu okhuthala, osati olira ngati njinga yamoto ya kabaza yothyoka sailensa. Mudzadutsa pamaliro tsiku lina, ndipo anthu adzadziwa kuti ndinu mwana wa ndani.

Turbo? TRD, nthambi ya Toyota ya zamipikisano, inatulutsapo Vitz ya turbo ya horsepower 150, ndiye n'zotheka. Koma turbo imabwera ndi abale ake: intercooler, mapayipi a oyilo, kilatchi yolimba, ndi kompyuta yokonzedwa ndi munthu wodziwa, pamakina oyezera. Kuimangirira yokha pa injini yomwe yayenda makilomita ambirimbiri n'kuitanira mapisitoni panja. Ndalama imeneyo ine ndingagulire matayala kawiri.

Penti, nyali ndi boma

Penti ibwere zonse zamakaniko zitatha, apo ayi muikanda ndi sipanala. Magalasi a nyali achikasu amayera ndi sandipepa wonyowa, kuyambira 800 mpaka 2000, kenako polishi ndi vanishi woteteza ku dzuwa. Mababu a LED oikidwa m'nyali zopangidwira halogen amangomwaza kuwala m'maso mwa anzanu, ndipo pachifunga amakuonetsani khoma loyera. Nyali za chifunga zachikasu, zoloza pansi, ndizo zothandiza kuno.

Mukasintha mtundu wa penti kapena injini, kalembetseni ku Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto, ndipo a inshuwalansi muwauze zomwe mwasintha. COF ndi inshuwalansi zikhalepo musanatulukire pa M1.

Ulendo woyamba

Musayambire ku Khwekhwerere. Zungulirani pa boma kaye, mubwerere, mugwire rimu iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Yotentha kuposa zinzake ndiye kuti buleki yake ikugwira yokha. Tsiku lotsatira fikani pa Lizulu, wailesi ili yozima, zenera lili lotsegula, makutu ali kunsi. Mukayenda makilomita 50, bwerezani manati onse a magudumu ndi torque wrench pa 103 Nm, modumphadumpha ngati mtanda. Oyilo woyamba uja mukhuthuleni msanga, pa makilomita 1,000, chifukwa watsuka zonse zomwe zinagona mu injini.

Usiku uliwonse wa sabata yoyamba yalani katoni kunsi kwa injini, m'mawa muiwerenge. Dontho lakuda ndi oyilo wa injini, lapinki ndi coolant, loyera loterera pafupi ndi gudumu ndi mafuta a mabuleki ndipo galimoto isatuluke, lonunkha ngati mazira owola ndi la giyabokosi. Katoni ikakhala youma masiku atatu otsatizana, pitani pa Masasa mukhotere kumanzere.

Kanga kayambanso kusiya kadontho kamodzi ka giyabokosi, pa silu ya shafuti yakumanzere. Silu ndagula kale. Ndiika Loweruka likubwerali, ngati mayi a kunyumba abwereko msanga kogula mbatata ku Lizulu, poti masiku ano makiyi amasunga ndi iwo.